Banja likatha: kukhala pa tebulo m'malo mokokerana kukhoti

M'chaka cha 1990, loya wina wa mumzinda wa Minneapolis, m'chigawo cha Minnesota ku America, anayamba kuuza anthu obwera ku ofesi yake kuti iye sadzapondanso kukhoti pa mlandu wa banja. Dzina lake ndi Stuart Webb. Anali atagwira milandu ya zisudzulo kwa zaka zambiri ndipo inali itamukwana, moti ankaganiza zosiya uloya n'kukaphunzira zina. Ankaona anthu awiri amene anabereka ana limodzi akulowa m'khoti ali okhumudwitsana chabe, koma potuluka ali adani enieni, ndalama zitathera kwa maloya, ana atasanduka chingwe chokokerana. Ndiye anadziikira lamulo lakuti munthu adzamuthandiza kukambirana ndi mnzake mpaka agwirizane, koma tsiku limene munthuyo adzafune kukalimbana kukhoti, iye adzatula pansi ntchito kuti akafune loya wina.

Njira imeneyi kumeneko amaitcha collaborative law. Pa Chichewa tingati ndi kumaliza nkhani za banja mothandizana, aliyense ali ndi loya wake, koma onse atalonjezana kuti sasumirana. Webb anayamba pa 1 Januwale 1990. Sakanatha kuchita zimenezi yekha popanda loya wa mbali inayo kuvomera, choncho anayamba kukopa anzake mmodzimmodzi, ndipo mwezi wotsatira analembera kalata woweruza wina wa khoti lalikulu la Minnesota, A. M. Keith, kumufotokozera maganizo akewo. Patapita zaka zochepa njirayi inafika ku California ndi ku Canada. Chigawo cha Texas chinailemba m'malamulo ake mu 2001, ndipo ku England maloya oyamba anaiphunzira mu 2003.

Nkhani yotere ikufunanji m'magazini ya Mpingo?

Ndikudziwa kuti pali amayi ena amene akwinya kale nkhope. Ife Akatolika timakhulupirira kuti ukwati wa sakramenti, womangidwa bwino ndi kukwaniritsidwa, palibe munthu angaumasule, kaya ndi majisitireti, kaya ndi Papa amene. Zimenezo sizinasinthe, ndipo nkhani ino sikunena kuti zisinthe. Ntchito yathu yoyamba m'bungwe ndi m'miphakati ndi kuyanjanitsa mabanja.

Komabe Mpingo womwewo sutseka maso. Malamulo ake, pa nambala 1153, amalola munthu kupatukana ndi mnzake ngati moyo wake kapena wa ana uli pangozi, kapena ngati kukhala limodzi kwafika posapiririka. Nambala yotsatira, 1154, imalamula kuti akapatukana chomwecho, chisamaliro ndi maphunziro a ana zikonzedwe bwino. Katekisimu wa Mpingo, pa ndime 2383, amavomereza kuti chisudzulo cha boma chikhoza kuloledwa popanda kukhala tchimo ngati ndicho njira yokhayo yotetezera ana, chuma kapena ufulu wa munthu. Papa Francis, m'kalata yake ya 2016 yokamba za mabanja, Amoris Laetitia, anachenjeza makolo opatukana kuti asasandutse ana chida cholangira mnzawo. Ndionjezere apa chinthu chimodzi chimene amayi ambiri sachidziwa ndipo amadzimana nacho Ukaristia kwa zaka: mayi amene banja lake latha koma sanalowe m'banja lina saletsedwa kulandira chifukwa cha chisudzulocho.

Mabanja akuthadi, ndipo si za lero. Kafukufuku wa Georges Reniers wofalitsidwa mu 2003, wochitika m'midzi ya ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka, anapeza kuti mwa maukwati 100 oyamba, pakati pa 40 ndi 65 amathera ku chisudzulo, malingana ndi dera. Ena mwa amayi amenewa timakhala nawo pa benchi imodzi Lamulungu. Banja likafika poti latha, funso lotsala ndi lakuti litha bwanji, ndipo ana atuluka bwanji.

Ife azamba yankho lake timalionera ku sikelo. Mayi woyembekezera amene ali pa mlandu ndi mwamuna wake amadumpha masiku, chifukwa ndalama yokwerera yathera pa ulendo wa kukhoti, ndipo kukhotiko akampeza mlandu wasinthidwa tsiku. Sagona. Sadya bwino. Amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi amaiwala mankhwala. Amene ali pa ma ARV nthawi zina amathawa kunyumba usiku, botolo ndi buku la kuchipatala zitatsala m'chikwama chimene mwamuna wakhomera m'chipinda. Mwana wa miyezi 9 amaphonya katemera wa chikuku chifukwa kadi lake lili kwa apongozi. Timaphunzitsa ophunzira athu kuti akaona mzere wa kulemera kwa mwana wagwa mwadzidzidzi popanda matenda, afunse modekha za kunyumba. Akatswiri amene atsatira ana a mabanja otha kwa zaka zambiri amagwirizana pa mfundo imodzi: chimene chimavulaza ana kwambiri ndi mkangano wosatha wa makolo, makamaka mwana akaikidwa pakati.

Mmene njirayi imayendera

Mwamuna amakhala ndi loya wake, mkazi wake. Asanakambe chilichonse, anthu anayiwa amasaina pangano. M'panganomo awiriwo amalonjeza kuti pa nthawi ya zokambirana palibe amene asume kapena kuopseza mnzake ndi khoti. Amalonjezanso kuulula chuma chonse osadikira kufunsidwa: malipiro, za kubanki, ngongole, nyumba, penshoni. Zokambidwa pa tebulo sizikagwiritsidwa ntchito ngati umboni kukhoti. Ndipo pali mfundo ija ya Webb, imene ndiyo msana wa njira yonseyi: zokambirana zikalephereka, maloya onse awiri amachoka, ndipo palibe amene angakaimire munthu wake pa mlanduwo.

Poyamba mfundo imeneyi imamveka ngati nkhanza. Munthu wamulipira loya, akusiyanso bwanji pa nthawi yovuta? Koma taonani zimene zimachitika popanda mfundoyi. Loya wamba akamakambirana ndi mnzake, diso lina limakhala kukhoti. Amabisa zina kuti akadzidzimutse nazo mdani pa tsiku la mlandu, ndipo amauza munthu wake kuti asalankhule zambiri. Mlandu ukatalika iye sataya kanthu, malipiro ake amangokwera. Pamene wasaina kuti zikalephereka achoka, zinthu zimatembenuka: njira yokhayo yoti amalize ntchito yake ndi yakuti awiriwo agwirizane. Nawonso eni banja sangangoti tikaonana kukhoti nthawi iliyonse mtima ukakwera, chifukwa akudziwa kuti kutero ndi kuyambiranso ndi loya watsopano ndi ndalama zatsopano. Mkwiyo umakhalapo ndithu, koma umakhala ndi mtengo, ndipo munthu amayamba waganiza asanadzuke pa mpando.

Amakumana kangapo, onse anayi pa tebulo limodzi, atagwirizana kale zoti akambe tsiku limenelo, ndipo zomwe amvana zimalembedwa. Kawirikawiri amayamba ndi zofulumira: lendi ya mwezi uno alipira ndani, ana agona kuti sabata ino, galimoto ikhala ndi yani. Kugawana nyumba ndi penshoni kumabwera pambuyo, mitima itatsikako. Funso loyamba kwa aliyense silikhala lakuti mnzako anakulakwira chiyani. Amafunsidwa zimene akufuna kuti moyo wake ndi wa ana udzakhale zaka zisanu zikubwerazo. Anthu awiri amene sagwirizana pa chilichonse amapezeka kuti onse akufuna mwana wawo amalize sukulu, ndipo zokambirana zimayambira pamenepo.

Ku California, katswiri wa za maganizo Peggy Thompson ndi anzake anaonjezera anthu ena pa tebulo. Pamakhala wodziwa za ndalama mmodzi yekha wosakondera mbali, m'malo moti aliyense abweretse wake wodzatsutsa mnzake. Pamakhala alangizi othandiza mwamuna ndi mkazi kulankhula popanda kutukwanana. Pamakhalanso wodziwa za ana, amene amacheza ndi anawo paokha n'kubweretsa maganizo awo kwa makolo, kuti mwana asafunsidwe pamaso pa bambo ndi mayi ake kuti asankhe amene akumufuna. Mwa zonsezi, ichi ndi chimene chimandigwira mtima. Mwana wa zaka 8 akamufunsa funso limenelo pagulu, yankho lililonse limene angapereke adzalisenza moyo wake wonse.

Akamvana pa zonse, maloya amalemba mgwirizano n'kuupereka kwa woweruza kuti auvomereze. Choncho khoti silizembedwa kotheratu. Ndi khoti lomwe limathetsa ukwati pa malamulo a boma. Chimene chazembedwa ndi kulimbana, kuitana mboni zodzaulula za kuchipinda, ndi kusiya tsogolo la ana m'manja mwa munthu amene wawadziwira pa pepala.

Pali njira ina yofanana nayo, ya mkhalapakati mmodzi wosaimira aliyense. Kusiyana kwake n'kwakuti mkhalapakati sangakunong'onezeni kuti apa mukuponderezedwa, pamene mu njira ya Webb wofooka amakhala ndi womuimira pambali pake. Komabe umboni wamphamvu woonetsa ubwino wokambirana unachokera ku njira ya mkhalapakatiyi. Robert Emery wa pa yunivesite ya Virginia anatenga mabanja olimbirana ana, ena n'kuwatumiza kwa mkhalapakati, ena kwa woweruza, posankha mwa mayere. Zokambiranazo zinkatenga pafupifupi maola asanu okha. Patapita zaka 12 anawafufuzanso. Mwa makolo 100 osakhala ndi ana awo, 28 mwa amene anakambirana ankaonabe anawo sabata iliyonse, pamene mwa amene anaweruzidwa kukhoti anali 9 okha. Kholo limene laluza mlandu kawirikawiri limasowa, pamodzi ndi thandizo lake.

Zofooka zake

Njirayi si ya ulere. Maloya awiri, wa ndalama, alangizi, onsewa amalipidwa, ndipo ngakhale ku America ndi anthu opezako bwino amene amaikwanitsa. Zikalephereka pa mapeto, amene ali ndi ndalama zochepa ndiye amavutika, chifukwa alibe zolipirira loya wachiwiri. Munthu wochenjera akhoza kuzengereza dala mpaka mnzake atatopa n'kuvomera zochepa. Ndiponso zonse zimadalira kuti anthu anene zoona za chuma chawo. Mu 2007 komiti ya maloya a ku Colorado inagamula kuti pangano loti loya achoke limamugawa mtima pa ntchito yoteteza munthu wake. Chaka chomwecho bungwe la maloya a dziko lonse la America linati njirayi ndi yololedwa malinga munthuyo wafotokozeredwa bwino ubwino ndi kuipa kwake asanasaine.

Chofooka chachikulu chili pa nkhanza. Lamulo la chitsanzo limene linalembedwa ku America mu 2009 kuti zigawo zizitengerapo, Uniform Collaborative Law Act, limalamula loya kufufuza kaye ngati m'banjamo munali kumenyana kapena kuopsezana, ndipo ngati zilipo asapitirize pokhapokha wovutikayo akufuna yekha ndipo chitetezo chake chatsimikizika. Mayi amene wakhala akumenyedwa zaka 10 sakambirana, amangovomera. Kuyang'ana kumodzi kwa mwamuna kumakwanira kumutseka pakamwa, ena onse pa tebulo osaona kanthu.

Amene muli ndi ana okhala ku Britain, mukamva kuti banja lawo likugwedezeka mpaka kutha, dziwani kuti ku England ndi Wales, kuyambira mu Epulo 2022, munthu safunikanso kuneneza mnzake kuti apeze chisudzulo, ndipo asanasume za ana kapena chuma amayenera kukamva kaye za njira zokambirana, kupatula pamene pali nkhanza. Bungwe la maloya a za mabanja lotchedwa Resolution ndilo limaphunzitsa a njira ya Webb kumeneko. Musawalimbikitse pa foni kuti amukhaulitse mnzawoyo.

Kodi si unkhoswe umenewu?

Kuno kwathu maloya ndi ochepa, ambiri ali m'mizinda, ndipo mabanja ambiri sangakwanitse ngakhale mmodzi. Koma mukaiyang'ana bwino njira ya Webb muona nkhope yodziwika. Anthu anayi akhala pansi, aliyense ali ndi womuimira wake, omuimirawo akudziwana ndipo akufuna nkhani ithere pomwepo. Makolo athu anaika ankhoswe a kuchimuna ndi a kuchikazi pa chifukwa chomwechi, ndipo amene anamanga banja ndi omwe ankakhala pansi likamatha. Zimene Webb anazipeza atatopa ndi makhoti, ife tinazipeza zilipo kale.

Ndiye bwanji amayi ambiri amatuluka pa bwalo la ankhoswe ali ndi mphika, chitenje ndi ana anayi? Ine ndikuona kuti unkhoswe wathu ndi wamphamvu poyanjanitsa koma wofooka pogawa. Ankhoswe ambiri amadziwa mawu amodzi okha, akuti banja ndi kupirira, ndipo mawuwo akalephera amangosamba m'manja. Ena ali ndi diso pa nyumba ya malata ija. M'tauni muli ankhoswe ongobwerekedwa pa tsiku la chinkhoswe, amene sadziwa ngakhale maina a ana. Mayi mwini nkhani amakhala pa mphasa atawerama, amalume ake akumuyankhulira. Palibe amene amafunsa mwamuna kuti atchule zonse zimene ali nazo, palibe cholembedwa, ndipo pakatha miyezi itatu aliyense amakumbukira zake. Choposa zonse, pa bwalopo sipakhala wodziwa zimene malamulo a dziko amanena, moti mayi amathokoza popatsidwa zochepa kuposa zimene khoti likanamupatsa.

Malamulowo alipo. Ndime 24 ya malamulo aakulu a dziko lino imapatsa mayi, banja likatha, ufulu wogawiridwa mwachilungamo katundu amene anali wa onse awiri, ndi wolandira chisamaliro choyenera poganizira ana ndi kapezedwe ka mwamuna. Lamulo la maukwati, zisudzulo ndi za mabanja la 2015 limazindikira ukwati wa kwa DC, wa pachikhalidwe, wa kutchalitchi, ngakhalenso wa anthu ongokhalira limodzi zaka zosachepera zisanu ngati khoti latsimikiza. Lamulo lomweli limauza khoti kuti pogawa katundu liwerengere zimene aliyense anathandizapo, kuphatikizapo ntchito za pakhomo. Mvetsetsani pamenepa, amayi. Mukamati ine sindinagule kanthu, ndalama zinali za bambo, mukudzichotsera nokha zimene lamulo lakupatsani. Amene ankatunga madzi oumbira njerwa, kuphikira amisiri, kulima munda ndi kulera ana pamene mwamuna anali ku Johannesburg anamanga nawo nyumbayo. Kumadera a chikamwini makhoti akhala akulamulanso mwamuna kumangira mkazi nyumba kwawo ngati sanamange ali pa banja. Pa za ana, lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limati udindo wowasamalira ndi wa makolo onse awiri, kaya ali pa banja kaya ayi, ndipo chimene khoti limayang'ana ndi ubwino wa mwanayo, posatengera kuti kwawo ndi kwa chikamwini, chitengwa kapena lobola.

Munthu wodziwa zimenezi safunika kukhala loya. Alipo alangizi a za malamulo a bungwe lathu la Chilungamo ndi Mtendere, CCJP, amene Bambo Mfumu kapena akatekisti angakulumikizeni nawo. Bungwe la PASI linaphunzitsa amkhalapakati a m'midzi m'maboma angapo, ndipo salipiritsa. Ofesi ya boma ya Legal Aid Bureau imathandiza osatha kulipira loya, ndipo a ofesi yosamalira anthu pa boma amathandiza pa za ana. Mayi asanakhale pansi ndi ankhoswe, apite kaye kwa mmodzi wa anthu amenewa akamve zimene akanapeza kukhoti. Akatero, ngakhale atasankha kusiyira mwamuna zina pofuna mtendere, asiya akudziwa chimene akusiya.

Zimene tingabwereke

Choyamba kubwereka ndi pangano la poyambira lija. Asanakambe za amene analakwa, mbali zonse zilonjezane pamaso pa ankhoswe kuti pa nthawi ya zokambirana palibe kusamutsa katundu usiku, palibe kugulitsa mbuzi kapena poloti, palibe kukatenga ana kusukulu mozemba, palibe kunyozana pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp. Aikenso malire a nthawi, mwina miyezi iwiri, kuti wozengereza asapeze pobisala. Koma wina asakusainitseni kuti simudzapitanso kukhoti mpaka kalekale. Ngakhale ku America kumene kunachokera njirayi, khomo la khoti limakhala lotsegula, amangogwirizana kuliimitsa kaye.

Kenako chuma chilembedwe chonse pa pepala limodzi, aliyense atchule: munda ndi mmene unapezekera, poloti ndi dzina limene lili pa mapepala ake, njinga ya kabaza, makina osokera, ziweto ngakhale zimene zikusungidwa kwa achibale, chimanga cha m'nkhokwe, penshoni ya kuntchito. Ngongole nazo zilembedwe. Amayi ambiri amatsala ndi ngongole ya banki m'khonde imene anatengera mwamuna mpamba wa geni, ndipo popeza dzina la m'buku ndi lawo, gulu limadzalanda ziwiya zawo. Nafenso amayi tinene zoona. Ndalama zimene tinabisa kwa mng'ono wathu zikadzaululika, mgwirizano wonse umagwa ndipo mwamuna amapeza chifukwa chosiyira kuthandiza ana.

Pa za ana ndiye pofunika kuchedwapo, chifukwa mawu akuti ndidzithandiza ana sadyetsa mwana. Palembedwe kuchuluka kwake, tsiku lake, ndi njira yake. Kutumiza pa Mpamba kapena Airtel Money ndi kwabwino chifukwa uthenga umatsala ngati umboni, ndipo awiriwo sakumana kuti ayambane. Kwa mlimi amene ndalama amaziona kamodzi pa chaka, ndi bwino kugwirizana matumba a chimanga a makilogalamu 50 operekedwa nthawi yokolola, pamodzi ndi fizi ya teremu iliyonse, kusiyana ndi kulonjeza za pamwezi zimene sadzakwanitsa mu Januwale. Ndalama ya kwacha imagwa. Mu Novembala 2023 inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 tsiku limodzi. Choncho mgwirizano unene kuti chaka chilichonse adzauonanso, kapena thandizo liyezedwe pa mtengo wa thumba la chimanga.

Zina ndi za kuchipatala, ndipo ankhoswe saziganizira. Mwana wosakwana miyezi 6 amayenera kuyamwa bere lokha, ndipo kuyamwa kumapitirira mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo, choncho khanda silichotsedwa kwa mayi ake pofuna kulanga mayiyo. Bambo azibwera kudzaliona. Kadi la sikelo ndi buku la kuchipatala ziziyenda ndi mwana kulikonse kumene wapita. Ngati mwana ali pa ma ARV, pa mankhwala a khunyu kapena a mphumu, patchulidwe munthu wamkulu kunyumba zonse ziwiri amene akudziwa nthawi ya mankhwala ndi tsiku lokatenga ena. Zimenezi zikambidwe ndi makolo awiri okha kapena pamaso pa namwino, osati pa bwalo. Ngati mayi ali woyembekezera, palembedwe amene adzalipire ulendo wa kuchipatala, zofunika pochira, ndi amene adzakhale naye ku chidikiro. Mimba siidikira kuti mlandu uthe.

Nanga ife a bungwe malo athu ali pati? Sitili oweruza, ndipo sitili ankhoswe. Tikhoza kukhala munthu amene wakhala pambali pa mnzathu, woti akasowa mawu n'kupempha kuti apume kaye, wotsala ndi ana panja kuti asamve zokambidwazo, wokumbutsa kuti zimene amvanazo zilembedwe. Abambo a mumphakati angachite chimodzimodzi kwa mwamunayo, chifukwa naye akakhala yekha pakati pa anthu omuweruza amauma mtima. Koma zonsezi zimafuna pakamwa potseka. Nkhani ya mnzathu ikafika pa mjigo ife tisanafike kunyumba, palibenso mayi amene adzatiitane.

Pamene sipofunika tebulo

Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse amene anakwatiwapo anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana kapena kuzunzidwa m'maganizo. Choncho mwa mabanja amene akutha, ambiri si oyenera kuyambira pa zokambirana. Nthawi imene mayi wanena kuti akuchoka ndiyo nthawi yoopsa kwambiri kwa iye. Ngati mwamuna anamukanyangapo pakhosi, anamuopsezapo ndi chikwanje kapena mpeni, anamumenyapo ali ndi pakati, kapena wagwirapo mwana, musaitanitse ankhoswe kuti adzakhale pansi. Mperekezeni kuchipatala, ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa imene ambiri timaidziwa kuti Victim Support Unit, ndi kwa majisitireti, amene lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja limamupatsa mphamvu yoletsa wankhanzayo kuyandikira. Mufunseni mnzanuyo ali yekha ngati akuopa, ndipo akati inde, mukhulupirireni. Chimodzimodzinso ngati mwamuna akukana kutchula chuma chake kapena wayamba kugulitsa katundu: pamenepo khoti lokha ndilo lili ndi mphamvu yomukakamiza.

Pamene pali mtendere wokwanira ndipo agwirizana, pepalalo lisathere m'chikwama cha ankhoswe. Awiriwo asaine, ankhoswe a mbali zonse asaine ngati mboni, aliyense asunge lake, kenako apite nalo kukhoti. Maukwati a pachikhalidwe amathera kwa majisitireti, ena amapita ku khoti lalikulu, limene lili ndi nthambi yoona za mabanja ndi chuma cha masiye. Kalaliki wa khoti la kufupi ndi kwanu akuuzani koyenera. Woweruza akaona kuti mgwirizanowo sukupondereza ana kapena mmodzi wa iwo, akhoza kuusandutsa chigamulo, ndipo kuyambira pamenepo wosapereka chimanga kapena fizi akhoza kuitanidwa. Chikalata cha khoticho muchisunge pamodzi ndi kalata ya ukwati ndi makadi a ubatizo a ana. Ngati mtsogolo mudzafune kuti bwalo la Mpingo ku dayosizi liunike ngati ukwati wanu unamangika bwino kuyambira pachiyambi, lidzafuna kutsimikiza kuti banjalo linathadi, ndipo Bambo Mfumu adzakufunsani mapepala amenewa.